Mphatso Yodzutsa Manja a Olandira: Phunziro la Sukulu za Rosenwald

Masiku ano mabungwe ang'onoang'ono achuluka m'midzi ndi m'matauni mwathu. Ena asamala ana amasiye, ena akumba zitsime, ena aphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Ambiri a inu muli m'makomiti a mabungwe otere: ena ndinu apampando, ena alembi, ena asungichuma. Ndipo pafupifupi bungwe lililonse lili maso kunjira, kuyembekeza munthu wachuma kapena bungwe lalikulu limene lidzabwere ndi ndalama. Palibe choipa m'kuyembekezako, pakuti ntchito zambiri zabwino sizitheka popanda chuma. Koma tonse taonapo mjigo umene udathyoka chaka chachiwiri, anthu nangoupenya nati, "Eni ake adzabwera kudzaukonza," nabwerera kukatunga madzi kudambo. Tsono nkoyenera tidzifunse: kodi thandizo limene liimiritsa anthu ndi lotani, nanga limene liwakhazika pansi ndi lotani?

Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tipite ku America, tikaone ntchito imene idachitika kumeneko pakati pa 1912 ndi 1948. Ndi nkhani ya munthu wachuma mmodzi, mphunzitsi mmodzi, ndi alimi osauka zikwizikwi amene adamanga sukulu za ana awo.

1. Dziko ndi nthawi yake

Ukapolo wa anthu akuda ku America udathetsedwa mu 1865, koma ufuluwo sudabwere ndi munda kapena sukulu. Ambiri mwa omasulidwawo adatsala m'zigawo za kumwera, nalima thonje m'minda ya azungu, nagawana zokolola ndi eni minda. Ndipo pakutha pa chaka mlimi kawirikawiri ankapezeka ali ndi ngongole. Amene adamva kwa agogo awo nkhani za thangata adzauzindikira msanga moyo wotere.

Mu 1896 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo lidagamula kuti nkololedwa kulekanitsa azungu ndi anthu akuda, malinga zimene mitundu iwiriyo ilandira zikhale zolingana. Kulekanitsako kudachitikadi, koma kulinganako ayi. Msonkho ankapereka onse, koma ogawa ndalama za maphunziro anali azungu, popeza anthu akuda ambiri adalandidwa mphamvu yoponya voti. Motero ana akuda a kumidzi ankaphunzira m'matchalitchi ndi m'tinyumba todontha, mphunzitsi mmodzi ana ambirimbiri, miyezi yowerengeka yokha pa chaka. Madera ena analibe sukulu nkomwe.

2. Anthu awiri akumana

Booker T. Washington adabadwa ali kapolo ku Virginia mu 1856. Atamasulidwa adalimbikira maphunziro, ndipo mu 1881 adayamba sukulu ya Tuskegee m'chigawo cha Alabama, kumene ophunzira ankaumba okha njerwa namanga okha nyumba za sukuluyo. Iye ankaidziwa midzi ya anthu ake, ndipo ankadziwa kuti sukulu yaikulu ithandiza pang'ono ngati ana alibe poyambira.

Julius Rosenwald adabadwa mu 1862 ku Springfield, m'chigawo cha Illinois. Makolo ake anali Ayuda ochokera ku Germany. Iye sadamalize sukulu ya sekondale, koma adakula m'malonda a zovala, ndipo mu 1908 adakhala mkulu wa kampani ya Sears, Roebuck ya ku Chicago, imene inkagulitsa katundu mwa positi m'dziko lonselo. Pokhala Myuda, ankadziwa kuwawa kwa kunyozedwa chifukwa cha mtundu. Ndiponso m'mwambo wa Ayuda kuthandiza osauka kuwerengedwa ngati chilungamo chimene munthu ayenera kuchita. Ndipo mphunzitsi wawo wakale Maimonides, amene adamwalira mu 1204, adaphunzitsa kuti kupatsa kopambana konse ndiko kuthandiza munthu kufikira adziimira payekha.

Rosenwald adayamba kale kuyesa njira yake ya kupatsa. Mu 1910 adalonjeza madola 25,000 kwa mzinda uliwonse umene udzasonkhe madola 75,000 omangira nyumba ya bungwe la YMCA ya anthu akuda. Iye ankaika gawo limodzi, anthu naika magawo atatu.

Awiriwa adakumana mu 1911. Chaka chotsatira Rosenwald adalowa m'bungwe loyang'anira Tuskegee. Ndipo pokwanitsa zaka 50 adagawa chuma chambiri, napereka madola 25,000 kudzera mwa Washington kuti athandizire sukulu za anthu akuda. Zitatsalako ndalama pang'ono, Washington adapempha kuti azigwiritse ntchito pomanga sukulu zazing'ono zisanu ndi imodzi m'midzi ya ku Alabama. Rosenwald adavomera, ndipo sukulu iliyonse idalandira madola 300. Zotsala adasonkha ndi anthu. Taonani bwino, abale: ganizo lidachokera kwa mwini dera, wachumayo adangomvera. Ataona kuti zayenda, mu 1914 adaonjeza madola 30,000 a sukulu zina 100. Washington adamwalira mu 1915, koma ntchito sidafe naye. Mu 1917 Rosenwald adakhazikitsa thumba lotchedwa Julius Rosenwald Fund, ndipo mu 1920 ofesi yoyang'anira zomangazo idasamukira ku Nashville, m'chigawo cha Tennessee.

3. Malamulo a thumbalo

Mudzi wofuna sukulu unayenera kutsata malamulo, ndipo m'malamulomo ndimo muli nzeru ya ntchito yonseyi.

Lamulo loyamba: thumba linkapereka gawo chabe la mtengo wa sukulu, ndipo ndalama zake sizinkatuluka kufikira anthu atasonkha gawo lawo. Tsono alimi amene ankasowa ngakhale nsapato ankagulitsa nkhuku ndi mazira. Amayi ankaphika zakudya nagulitsa pamisonkhano. Ena ankalima ndime yapadera ya thonje, ndalama zake zonse za sukulu. Amene analibe ndalama ankadula mitengo, kucheka matabwa, kapena kupereka masiku a ntchito.

Lamulo lachiwiri: akuluakulu a maphunziro a boma la deralo anayenera kulandira sukuluyo kukhala ya boma, kulipira aphunzitsi ake, ndi kuitsegula miyezi yosachepera isanu pa chaka. Apa ndiye panali chinyengo chabwino cha ntchitoyi, ngati tingachitche chinyengo: ndalama zochepa za Rosenwald zinkakoka ndalama za msonkho zimene ana akuda ankamanidwa. Anthu akafika kwa akuluakuluwo atanyamula zimene asonkha ndi lonjezo la thumba, kukana kunkachititsa manyazi.

Lamulo lachitatu: sukulu inayenera kukhala ndi malo osachepera maekala awiri, kuti pakhale bwalo la masewera ndi dimba lophunzirirapo ulimi.

Lamulo lachinayi: omanga anayenera kutsata mapulani okonzedwa ndi akatswiri. Popeza kumidziko kunalibe magetsi, mazenera anali aatali ndi oyandikana, ndipo nyumba inkaimikidwa molingana ndi kayendedwe ka dzuwa, kuti mwana awerenge popanda kuwawa maso. M'sukulu zambiri khoma la pakati pa zipinda linali losuntha, kuti madzulo nyumbayo isanduke holo ya misonkhano ya mudzi. Wopatsayo sadanene kuti wosauka chilichonse chimkwanira.

4. Zimene ziwerengero zinena

Pofika mu 1932, pamene ntchito yomanga idatsekedwa, padali sukulu 4,977, nyumba za aphunzitsi 217, ndi nyumba zophunziriramo ntchito zamanja 163. Zonse pamodzi nyumba 5,357 m'zigawo 15 za kumwera. Chigawo cha North Carolina chokha chidali ndi nyumba zoposa 800. Sukuluzo zinali ndi malo a ana oposa 660,000, ndiko kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana atatu akuda a kumidzi ya kumwera.

Ntchito yonse idadya madola oposa 28 miliyoni. Tsono tcherani khutu. Pa madola 100 aliwonse, Rosenwald ndi thumba lake adapereka pafupifupi 15; azungu a m'maderamo, mwa kufuna kwawo, 4; boma, kuchokera ku msonkho, 64; ndipo anthu akuda eni ake 17. Osaukawo adapereka koposa wachumayo. Sukuluzo zitchedwa ndi dzina la Rosenwald, koma kunena zoona adazimanga ndi makolo a anawo.

Kodi zidathandiza? Mu 2011 akatswiri awiri a zachuma, Daniel Aaronson ndi Bhashkar Mazumder, adafufuza kalembera wa zaka zimenezo. Adapeza kuti mwa anthu obadwa pakati pa 1910 ndi 1925, kusiyana kwa maphunziro pakati pa azungu ndi anthu akuda a kumwera kudachepa, ndipo pafupifupi magawo 40 pa 100 a kuchepako adachokera ku sukulu zimenezi. M'sukulu zotere mudaphunzira Maya Angelou, mlembi wotchuka, ndi John Lewis, amene adamenyera ufulu wa anthu akuda nakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1987 kufikira imfa yake mu 2020.

5. Nyumba siyenda yokha: za atsogoleri

Tisaganize kuti anthu ankangodzuka okha nayamba kusonkha. Padali wina woyenda khomo ndi khomo, woitanitsa misonkhano, wolemba maina a osonkha, wolimbikitsa ofooka. Kawirikawiri ameneyo anali mphunzitsi woyendera wa Jeanes. Dzinali lichokera kwa mayi Anna T. Jeanes wa ku Philadelphia, amene mu 1907 adapereka madola 1 miliyoni othandizira sukulu za kumidzi za anthu akuda. Thumba lake linkalipira aphunzitsi odziwa ntchito, ambiri a iwo amayi akuda, kuti aziyendera sukulu zazing'ono, kulangiza aphunzitsi anzawo, ndi kuphunzitsa makolo ukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo. Woyamba anali mayi Virginia Randolph, amene adayamba ntchitoyi mu 1908 ku Virginia. Thumba lina linkamanga makoma, lina linkasamala anthu. Ndipo awiriwa ankayenda ngati khasu ndi mpini.

Dzina la Jeanes si lachilendo kwa akuluakulu a kuno kwathu. Mu 1924 gulu lofufuza za maphunziro la Phelps-Stokes, m'mene munali Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, lidayendera maiko a kuno, Nyasaland pamodzi, nilitama njira ya aphunzitsi oyendera. Mu 1929 sukulu ya Jeanes idatsegulidwa ku Domasi, m'boma la Zomba, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Carnegie la ku New York. Kumeneko kunkaphunzira aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, ndipo pambuyo pake mafumu omwe.

Nalo thumba la Rosenwald lidazindikira kuti mtundu usowa atsogoleri ake. Kuyambira 1928 kufikira 1948 lidapatsa anthu aluso oposa 800, ambiri a iwo akuda, ndalama zopitirizira maphunziro kapena ntchito imene iwo eni adasankha. Woimba Marian Anderson adapita nazo ku Ulaya kukanola mawu ake. Charles Drew adamalizira nazo maphunziro a udotolo, nadzakhala katswiri wa kasungidwe ka magazi. Ralph Bunche adachitira nazo kafukufuku ku Africa, ndipo mu 1950 adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel. Kenneth Clark ndi mkazi wake Mamie adafufuza m'mene tsankho lipwetekera mtima wa mwana wakuda. Ndipo zimene adapezazo zidatchulidwa mu 1954, pamene bwalo lalikulu lija lidagamula, pa mlandu wa Brown, kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma nkosemphana ndi malamulo a dziko.

6. Malire a ntchitoyi

Phunziro loona silibisa zilema. Choyamba, sukulu za Rosenwald zinali za ana akuda okha. Thumbalo lidagwira ntchito m'kati mwa tsankho, osalimbana nalo poyera pomanga sukuluzo. Anthu ena akuda, monga W. E. B. Du Bois, ankatsutsa Washington kuti aika mtima kwambiri pa ntchito zamanja, nakhala chete pa ufulu wa voti. Nkhani yake idali yomveka. Ndipo nchotamandika kuti thumba lomwelo lidathandizanso Du Bois ndi ndalama polemba buku lake lina. Wopatsa wabwino sathandiza okhawo omuombera m'manja.

Chachiwiri, ndipo ichi nchowawa: anthu akuda adalipira kawiri. Adapereka msonkho monga wina aliyense, kenaka nasonkhanso kuti apeze sukulu imene ana a azungu ankailandira popanda kusonkha. Kudzithandiza nkwabwino, koma kukhoza kusanduka chophimba cha boma losachita udindo wake. Chimene chidapulumutsa ntchito ya Rosenwald ku msampha umenewu ndi lamulo lachiwiri lija, lokakamiza boma kulowamo ndi kusenza katunduyo chaka ndi chaka.

7. Thumba lodziwa kutha

Rosenwald sadakhulupirire zosunga chuma m'thumba mpaka muyaya, nkumangogawa phindu lake lokha. Adalemba poyera mu 1929 kuti mbadwo uliwonse uyenera kusamala mavuto ake, ndi kuti thumba losatha kawirikawiri liyamba kudzisamala lokha koposa anthu amene lidakhazikitsidwira. Motero adalamula kuti chuma chonse cha thumba lake chithe pasanapite zaka 25 iye atamwalira. Adamwalira mu 1932, ndipo thumbalo lidatseka zitseko zake mu 1948. Sadafunenso kutchuka: nyumba yaikulu yoonetsera za sayansi imene adathandiza kukhazikitsa ku Chicago, adakana kuti itchedwe ndi dzina lake.

Chigamulo cha 1954 chitayamba kugwira ntchito, sukulu zambiri za Rosenwald zidatsekedwa, zina zidagwa, zina zidasanduka nkhokwe. Mu 2002 bungwe losamala malo a mbiri yakale ku America lidaziika pa mndandanda wa malo amene ali pangozi yotheratu. Ndipo m'madera ena adzukulu a omangawo adazikonzanso kukhala nyumba za misonkhano ndi zosungiramo mbiri. Patapita zaka zonsezo anthu adaziyesabe zawo.

8. Zimene tiphunzirapo

Zinthu za ku America sitingazinyamule monga zilili nkuziika pabwalo pathu, koma mfundo zake zitikhudza, kaya ndife opempha kaya opatsa.

Choyamba, ganizo liyambire kwa eni dera. Bungwe limene lisintha cholinga chake chaka chilichonse, kutsata kumene kwamveka ndalama, lidzamanga zinthu zimene anthu sadazipemphe, ndipo sadzazisamala.

Chachiwiri, olandira aikepo chawo, chingachepe bwanji: njerwa, mchenga, malo, masiku a ntchito, kapena ndalama. Ndipo msungichuma alembe zonsezo m'buku ndi mtengo wake, kuti pa tsiku lotsegulira anthu amve zimene iwo eni adapereka. Makolo adati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka; la mwini lisungidwa m'nyumba.

Chachitatu, musanakumbe maziko, funsani amene adzalipire mphunzitsi, amene adzagule mankhwala, amene adzakonze denga likadontha. Mlendo ndi mame. Ngati ntchitoyo ili udindo wa boma, mphatso ya wachuma ikhale chokokera boma kuti lichite mbali yake, ndipo pangano lilembedwe.

Chachinayi, musaiwale anthu. Opatsa ambiri akonda nyumba, popeza nyumba ijambulika ndipo ilembedwa dzina pakhoma. Koma maphunziro a mlembi, njinga ya woyendera midzi, ndi kukonzekeretsa achinyamata odzalowa m'malo mwa atsogoleri a lero, ndizo zisunga bungwe. Polemba kalata yopempha thandizo, musachite manyazi kutchula zimenezi.

Chachisanu, kwa inu amene muli nacho chuma, pakuti opatsa sachokera kunja kokha: wamalonda wa m'tauni, mwana wa mudzi amene ali pantchito ku Johannesburg kapena ku London, nayenso ndi wopatsa. Mverani musanapereke, perekani gawo, osati zonse, funani ntchito yolongosoka, ndipo dziwani tsiku lochoka. Mphatso yanu idzayesedwa ndi zimene anthu adzatha kuchita inu mulibe.

Mafunso okambirana pamsonkhano

1. Pa madola 100 aliwonse omangira sukulu za Rosenwald, ndani adapereka zingati? Ziwerengerozi zikutiuza chiyani za mwini weniweni wa sukuluzo?

2. Tchulani chinthu chimodzi m'dera lanu chimene chidabwera ndi thandizo ndipo chilipobe, ndi china chimene chidafa. Pa chilichonse, anthu adaikapo chiyani?

3. Kodi kusonkha kwa anthu kuleka liti kukhala kudzithandiza, nkusanduka kulipira kawiri?

4. Wapampando ndi msungichuma wa bungwe lanu atachoka mawa, ndani wakonzekera kulowa m'malo mwawo, ndipo adamphunzitsa ndani?